Mmene ndinasanthulira zithunzi za plasma ndili ku Lizulu

Aphunzitsi anga atanditumizira zithunzi za ku labu, ndinali kwathu ku Lizulu, m'chisanu cha Julaye. Funso linali limodzi: timitambo tiwiri ta plasma (mpweya wotentha kwambiri mpaka maatomu ake kusweka kukhala tizidutswa ta mphamvu ya magetsi) tikagundana, timapyolana kapena timaima?

Ndinayamba ndi kumvetsa mmene zinajambulidwira. Kuwala kwa laser ya Nd:YAG ya 1064 nm amakugawa pawiri ndi prism, n'kukamenya malo awiri pa aluminiyamu, otalikirana mamilimita ochepa. Pamalo paliponse pamaphulika kamtambo ka ma electron (tizidutswa tochoka m'maatomu) ndi ma ion (maatomu amene ataya ma electron), kothamanga makilomita ambirimbiri pa sekondi. Kamera yojambula mwaliwiro ya ICCD imaphethira kwa ma nanosecond ochepa chabe (nanosecond ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi), choncho chithunzi chilichonse n'cha kuwombera kwa laser kwakekwake. Ndinazisanja potsata nthawi, ndipo pakatikati panaoneka mzere wowala, umene unatsala ngakhale timitamboto titayamba kuzilala. Ndiwo stagnation layer, kutanthauza malo amene plasma imaunjikana n'kuima.

Apa ndinafulumira. Ndinalemba kuti plasma yaima chifukwa mzere wawala. Aphunzitsi anandibwezera tsambalo, amvekere: kuwala kokha si umboni, werengerani.

Chimene chinanditsegula mutu ndi msika wathu womwewu. Anthu akachepa, wochokera kumtunda ndi wochokera kumunsi amangodutsana. Akadzaza, aliyense ndi thumba la mbatatesi pamutu, amaunjikana pakati. Ma ion nawonso n'chimodzimodzi. Umayerekeza mtunda wa pakati pa timitamboto ndi mtunda umene ion imayenda isanagunde inzake. Woyambawo ukaposa wachiwiri kwambiri, plasma imaima, ukachepa, imapyolana.

Liwiro ndinalipeza poyeza pamene mutu wa kamtambo wafika pa chithunzi chilichonse. Kuchuluka kwa ma electron, kumene kumasonyeza kuthithikana kwa plasma, ndinakupeza pa kutambasuka kwa mizere ya spectrum (kuwala kogawidwa m'mitundu yake), kumene amati Stark broadening. Gawo ili linandidyera masiku, koma ndi limene ndinalikonda. Mtunda umene ion imayenda isanagunde umakula mofulumira zedi ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umakula pafupifupi ka 16. Ndiye ma ion a patsogolo, othamangitsitsa komanso otayana, amatha kupyola, pamene khamu lochedwa la m'mbuyo ndi limene limaunjikana.

Tsambalo ndinalilembanso: zonse ziwiri zikuchitika, china poyamba, china pambuyo. Ndinalitumiza usiku, netiweki itakhazikika.