Kapu yokwera nayo phiri la Mulanje: zimene mutu wa kutentha wandiphunzitsa

Mutu wa kutentha mu fizikisi uli ndi tebulo la manambala lomwe ambirife timangoliloweza kuti mayeso apite. Ine tebuloli layamba kundimvekera chifukwa cha funso laling'ono. Munthu wokagona m'phiri la Mulanje, katundu wake yense ali kumsana, atenge kapu yotani yoti awiritsiremo madzi, aphikemo phala, kenako amweremo tiyi? Ndikuphunzira ntchito yotsogolera alendo m'phirimo, ndipo funsoli limabwera ndithu tikamalongedza zikwama pa Likhubula. Ndinaona kuti ndi bwino ndilifufuze mpaka ndithe kuyankha mlendo ndi zifukwa zake.

Choyamba chimene ndagwira n'chakuti kapu imodziyi tikuipatsa ntchito ziwiri zotsutsana. Pophika timafuna kuti kutentha kudutse msanga kuchoka pamoto kulowa m'madzi. Pomwa tiyi timafuna kuti kutenthako kusatuluke. Makapu a makoma awiri, aja okhala ndi mpata pakati ngati fulasiki, anapangidwira ntchito yachiwiriyi, ndipo amaichita bwino. Koma kapu yotere siikidwa pamoto. Mpata womwe umasunga tiyi uja umakanizanso moto kufika m'madzi, ndipo mpweya wotsekeredwa pakatipo ukatentha umakankha makoma, kapu n'kupindika kapena kuphulika kumene. Ya pulasitiki nayo ndi yopepuka, siotcha milomo, koma pamoto siyandikira. Choncho amene akufuna chinthu chimodzi chophikira ndi kumwera watsala ndi kapu ya chitsulo ya khoma limodzi. Apa m'pamene tebulo lija limayambira ntchito.

Zitsulo zake ndi zitatu: aluminiyamu, titanium, ndi chitsulo chosachita dzimbiri chija timachiona pa masupuni ndi mbale za m'misika. Kachidutswa kotalika sentimita imodzi mbali zonse, kakakhala ka aluminiyamu kamalemera magalamu 2.7, ka titanium 4.5, ka chitsulo chosachita dzimbiri pafupifupi 8. Mukangoona manambalawa munganene kuti aluminiyamu wapambana. Nanga n'chifukwa chiyani makapu otchuka chifukwa chopepuka amakhala a titanium? Yankho lili pa kulimba. Aluminiyamu ndi wofewa, ndiye khoma lake liyenera kukhuthala kuti kapu isatibuke m'chikwama. Titanium ndi wolimba moti amatha kumusula mpaka khoma osafika theka la milimita, kapu n'kukhalabe yolimba. Kapu ya titanium ya mamililita 450 imalemera magalamu apakati pa 70 ndi 80. Kulemera kwa chinthu kumachokera pa mtundu wa chitsulo komanso pa kuchuluka kwa chitsulo chimene chalowapo, ndipo mbali yachiwiriyi tebulo silikuuzani.

Mzere wina wa tebulolo ndi wa mmene chitsulo chimayendetsera kutentha: nambala ikakula, ndiye kuti kutentha kumayenda msanga m'chitsulocho. Aluminiyamu weniweni ali pa 237, titanium pafupifupi 20, chosachita dzimbiri cha m'ma 15. Kusiyana kwake n'kopitirira kakhumi, ndipo munthu angayembekeze kuti madzi a m'kapu ya aluminiyamu awira kalekale anzake asanafunde n'komwe. Si mmene zimakhalira. Khoma la kapu n'lopyapyala kwambiri moti kutentha kumalidutsa mosavuta kaya ndi chitsulo chanji. Chimene chimachedwetsa madzi ndi mphepo yomwe ikuuluza lawi, kuchepa kwa pansi pa kapu, ndi kusavundikira. Nambala ija imaonekera pa kuyenda kwa kutentha cham'mbali. Mu aluminiyamu kutentha kumafalikira pansi ponse, phala limapsa mofanana. Mu titanium kumaunjikana pomwe pali lawi. Ndinaonapo kapu ya mlendo wina ataphikamo phala pa kambaula ka gasi: pansi pake panali bwalo lakuda bii lofanana ndendende ndi kukula kwa lawi, koma m'mphepete phala linali losapsa. Anakanda ndi supuni nthawi yaitali, fungo la chopserera osachoka. Amene amadya za madzi otentha basi, monga tiyi, khofi ndi ma noodles, titanium sawavutitsa. Ife a phala la ufa wa chimanga tiyenera kuchepetsa moto ndi kutakasa osalekeza, apo ayi titenge aluminiyamu.

Koma aluminiyamu naye ali ndi pake. Kufalitsa kutentha komweko kumafikitsa moto mpaka kukamwa kwa kapu, ndiye mukangothira tiyi n'kupsontha, milomo imapsa tiyiyo asanafike palilime. Muyenera kudikira, ndipo m'phiri kudikira kuli ndi mtengo wake.

Mtengowo ndauona powerengera. Munthu akamakwera, mpweya umachepa mphamvu yopanikiza, ndipo madzi amawira asanatenthe ngati mmene amachitira kunyanja yamchere. Pa mamita 300 alionse, pamachoka pafupifupi digiri imodzi. Nyumba zogonamo alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo zili cha m'ma mamita 2,000, kumene madzi amawira pa madigiri pafupifupi 93. Pa Sapitwa, mamita 3,002, ndi pafupifupi 90. Ndiye tiyi wa m'phiri amayamba ali wotsikirapo kale, ndipo m'mwezi wa June kapena July, chiperoni chikakuta, amazizira mukuona.

Ndinatenga mamililita 400 a madzi a mumtsinje, ndi kuyerekeza kuti ali pa madigiri 15. Kuwafikitsa pa 93 ndi kukwera madigiri 78. Kilogalamu imodzi ya madzi imafuna ma joule (muyeso wa mphamvu ya kutentha) 4,200 pa digiri iliyonse, choncho 0.4 kuchulukitsa ndi 4,200 kuchulukitsa ndi 78 zikupereka ma joule 131,040. Kapu ya chitsulo ya magalamu 100 imangotengapo pafupifupi 3,900. Kapuyo payokha siba moto wambiri, wakuba ndi nthunzi. Galamu imodzi yokha ya madzi ikasanduka nthunzi imanyamula ma joule pafupifupi 2,260, okwanira kutsitsa madzi onse a m'kapu muja ndi digiri imodzi n'kupitirirapo. Nditaona zimenezi chivundikiro ndinayamba kuchiwerengera ngati mbali ya kapu imene. Chimafulumizitsa kuwira, chimasunga tiyi, chimatchinga phulusa. Chimachepetsanso nkhuni, ndipo nkhani ya nkhuni ndimaitenga mozama m'phiri lomwe mkungudza wake, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutha. Kapu ikapanda chivundikiro chake, kambale kakang'ono kogwirizana ndi kukamwa kwake kamagwira ntchito.

Pa nkhani ya kulemera ndili ndi maganizo anga. Mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi. Kapu ya chitsulo chosachita dzimbiri ikaposa ya titanium ndi magalamu 60 kapena 70, ndiye kuti kusiyana konseko ndi madzi omwa kawiri kapena katatu pabotolo. Kwa munthu woyenda milungu yambiri, amene wapepuza kale tenti, chofunda ndi chikwama, magalamu amenewo ali ndi tanthauzo, ndipo sindimutsutsa. Koma kwa wophunzira ngati ine, kapena gulu la achinyamata a kumpingo lokagona masiku awiri, ndalama za kapu ya titanium yoitanitsa kunja n'kwabwino zipite ku nsapato zogwira pamwala ndi jekete la mvula. Ndikatero sindikupeputsa kulemera ayi. Abale athu onyamula katundu wa alendo ndi amene amasenza chilichonse chomwe tinalephera kusiya kunyumba, ndipo chimene chimawapepuzira kwenikweni ndi kusatenga ketulo, poto ndi kapu padera pamene chinthu chimodzi chikanakwanira.

Kukula kwake kumatsatira pomwepo. Ya mamililita 300 kapena 450 ndi yomwera basi. Mukaphikamo phala limasefukira. Ya 600 mpaka 750 imalola kuwiritsa madzi a chakudya ndi a tiyi nthawi imodzi, komanso m'kati mwake mumalowa machesi, supuni yaifupi, shuga ndi masamba a tiyi, malo osatayika. Yaifupi yotambalala pansi imalandira lawi bwino ndipo siigwa msanga pamafuwa poyerekeza ndi yaitali yowonda.

M'nyumba za m'phiri la Mulanje timaphika kwambiri pa moto wa nkhuni womwe alonda a nyumbazo amakoleza, ndipo zimenezi zimasintha zinthu zingapo zomwe opanga makapu sanaziganizire. Zogwirira zokutidwa ndi mphira kapena pulasitiki zimasungunuka lawi likamanyambita m'mbali. Zabwino ndi za waya zopindika, ngakhale zimatentha ndipo muyenera kugwira ndi kansalu. Mwaye nawo umamatirira kunja konse, ndiye kapu imafuna kathumba kakekake, kupanda apo malaya onse m'chikwama amada. Makapu opaka utoto wonyezimira aja a agogo athu amapirira moto wofatsa, koma chopakacho ndi galasi losungunulidwira pachitsulo. Ikagwa pamwala chimatetemuka, ndipo potetemukapo dzimbiri limayamba.

Powerenga za zitsulozi ndinakumananso ndi dziko lathu mosayembekezera. Dothi la ku Lichenya lili ndi bauxite, momwe mumachokera aluminiyamu, ndipo ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli rutile, mwala wokhala ndi titanium. Titanium sasowa m'nthaka. Amadula chifukwa kumulekanitsa ndi mpweya womwe wagwirana naye m'mwalamo kumadya moto ndi ntchito yambiri, ndipo sasungunuka mpaka madigiri 1,668, pamene aluminiyamu amasungunuka pa 660. Nambala yomalizayi ndi yofunika kuikumbukira pamoto wa nkhuni: kapu ya aluminiyamu ikasiyidwa pamakala madzi ataphwera, imatha kupindika kapena kubooka.

Ine ndasankha kapu ya chitsulo chosachita dzimbiri, khoma limodzi, mamililita pafupifupi 700, zogwirira za waya, ndi chivundikiro. Ndasoka kathumba ka nsalu yokhuthala koti ndiziivekamo ikachoka pamoto, kuti tiyi asazizire msanga ndiponso manja asapse. Mlendo akadzandifunsa za titanium, ndidzayamba ndamufunsa kaye chimene akufuna kuphikamo.