Hammond yakale imafuna Leslie yake

Anzanga okonza zida zoimbira zakale, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukadzutsa ogani ya Hammond B-3, musailumikize ku sipika ya masiku ano. Ipatseni sipika ya Leslie 122, mnzake wa nthawi yake.

Oganiyi inayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo mawu ake amachokera ku timawilo tachitsulo 91 tozungulira pafupi ndi maginito. Koma kukoma kwenikweni kuli m'bokosi lathabwa la Leslie. Pamwamba pali lipenga lozungulira, m'munsi muli chimgolo chozunguliranso pansi pa sipika ya mainchesi 15. Mawu amabwera kwa iwe n'kuthawanso, motero amanjenjemera n'kudzaza chipinda chonse. Ukawonjezera liwiro, lipenga limathamanga msanga, chimgolo chimatsalira m'mbuyo poti n'cholemera. Kamphindi kameneko kamandifika pamtima zedi!

Mapulogalamu a pakompyuta amayesetsa kutsanzira mawu amenewa, sindikana, koma sasuntha mpweya m'chipinda chonchi.

Pokonza Leslie, pepala la sipika likang'ambika, ikani lina lofanana nalo, chitsulo chake musataye. Sinthani malamba ozunguza lipenga ndi chimgolo komanso makapasita (tizida tosunga mphamvu ya magetsi) otopa, thirani mafuta m'mamota, ndipo mavalavu (machubu agalasi okweza mawu) muwayeze kaye musanagule atsopano.