Lachisanu: tsiku lonse pa nkhani ya rekoda

Magetsi abwera mochedwa lero, ndiye ndilemberetu zisanandithawe m'mutu.

Semesita ino tili ndi aphunzitsi ena oti akatsegula pakamwa sapuma. Chovuta n'chakuti zimene zimabwera pamayeso si zija zili pa masilaidi ayi, koma timfundo tija amangotiponya atatembenukira kubolodi. Ukaweramira kope kuti ulembe kamodzi, podzutsa mutu iwo ali kale pena. Ndakhala ndikutepa ndi foni, koma foni ili ndi zake. Munthu akangoimba, kujambula kwaduka. Ukatepa m'mawa wonse, pofika masana batire lili pa ledi, ndipo kunyumba sudziwa ngati ukapeza magetsi. Komanso mayiki ya foni anaipangira pakamwa pa mwini wake. Mawu ochokera kutali nthawi zina imawayesa phokoso n'kumawameza.

Alamu anga amagwira ntchito pawayilesi ina. Dzulo nditawauza kuti ndikufuna kugula rekoda anangoseka, n'kutulutsa kawo ka Zoom H1n m'chikwama. "Alamu, musataye ndalama musanayese. Tengani aka mukayesere mawa. Koma mukakagwetsa, njira ya kuno muyiiwale."

Kalasi isanayambe ndinapita kaye kwa aphunzitsi kukapempha. Anzanga ena amangobisa foni pansi pa kope, koma ine ndimaona kuti n'kulakwa. Phunziro limene munthu wakonza ndi ntchito yake, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la kopiraiti la 2016 loteteza ntchito za anthu. Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, ulemu wokha umafuna kuti munthu adziwe kuti mawu ake akusungidwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Jambulani, mayi, koma ndisakazipeze pa WhatsApp. Ndipo kumbukirani kuti anzanu akamafunsa mafunso nawonso akulowa momwemo." Mfundo yachiwiriyi ndi yoona. Pali anthu amene safunsa funso akadziwa kuti kakutepa.

Ola loyamba ndinakhala pamalo anga a masiku onse, chakumbuyo, ka Zoom kali padesiki. Foni yanga ndinapatsa mnzanga amene amakonda mpando wakutsogolo kuti nayenso atepe. Titapuma pang'ono ndinasamutsa ka Zoom n'kukaika pakona pa tebulo la aphunzitsi, pamwamba pa kampango kopinda kuti kasamamve kugunda kwa tebulo.

Pa nkhomaliro tinamvetsera ndi mahedifoni, khutu limodzi ine, lina mnzangayo. Zimene tinamva zasintha maganizo anga onse. Foni wamba ija, chifukwa inali kutsogolo, inagwira mawu omveka bwino kuposa makina a atolankhani amene anali kumbuyo. Ka Zoom kanagwira zonse mokhulupirika: kukhosomola kwa mnyamata wapambali, zipi ya chikwama changa, mapepala, fani ya kudenga, wina akutsegula botolo la madzi. Aphunzitsi ankamveka chapatali, mawu akubwerezabwereza m'makoma. Koma ola lachiwiri, kali patebulo, eee! Mpaka kupuma kwawo kumamveka.

Alamu anandifotokozera pafoni kuti palibe chodabwitsa. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu ochokera pakamwa pa wolankhula imatsika ndi madesibelo 6 (madesibelo ndi muyeso wa kukwera kwa mawu). Kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita 8 ndiye kuti yatsika ndi 18. Koma phokoso la m'chipinda, ndi mawu aja ogunda m'makoma ndi pasimenti n'kubwerera, silitsika chonchi, lili ponseponse. Ukakweza mphamvu ya mayiki kuti aphunzitsi amveke, wakwezanso chifuwa cha mnzako. Ndipo tsopano kulibe mvula. Ikadzayamba kugunda pamalata, wakumbuyo adzangotepa mvulayo basi. Choncho funso loyamba si lakuti ndigule ya ndalama zingati, koma kuti ndidzaiika pati.

Masana ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Dzuwa lake losanena.

Mashopu ambiri a zamagetsi ali ndi mtundu umodzi womwewo: tirekoda topanda dzina, tina tooneka ngati cholembera, tina ngati fulashi, pakatoni atalemba 8GB ndi malonjezo ambirimbiri. Mnyamata wina anandigwira bwinobwino. "Asisi, aka ndi komwe akutenga ana asukulu onse. Kamagwira mawu ngakhale muli panja." Ndinamupempha kuti tiyese. Anaima kukhomo n'kuwerenga manambala, ine ndili pakauntala. Pomvetsera, mawu ake ankamveka, inde, koma kumbuyo kuli "sssss" wosalekeza woti sungaupirire maola awiri. Batire lake n'lomatira m'kati, malo a memore khadi palibe, ndipo sungadziwe ngati kakujambuladi kupatula kagetsi kakang'ono kofiira. Ndinathokoza n'kutuluka. Mnyamatayo anatsitsa mtengo ndili kale pakhonde.

Shopu ina, ya bambo wachikulire wosachulutsa zonena, ndi imene ndinapezamo Sony ICD-PX470. Anandilola kuti ndiigwire, n'kundipatsa ndi kabuku kake. Ili ndi malo a 4GB m'kati komanso polowetsa memore khadi ya microSD. USB yake ili pathupi pomwepo, umangoikankha n'kutuluka, kenako n'kubaya pa laputopu popanda chingwe. Kwa ine amene zingwe zimandisowa sabata iliyonse, chimenechi si chaching'ono. Imayendera mabatire awiri a AAA, ndipo opanga ake amati amatha kupitirira maola 50 ukamajambula MP3, mtundu wa fayilo ya mawu wosadya malo ambiri. Ka Zoom ka alamu nakonso kamadya AAA awiri, koma maola ake ndi pafupifupi 10 okha, ndipo kalibe malo akeake osungira, popanda khadi sikajambula kanthu.

Nkhani ya mabatire ndinaiganizira nthawi yaitali ndili m'shopumo. Pali mchemwali wake wa rekoda imeneyi, ICD-UX570, wowonda bwino, wa batire lotchaja la m'kati, amene ukamutchaja mphindi 3 amakupatsa ola lathunthu. N'zokopa. Koma kutchaja kumafuna magetsi, ndipo batire la m'kati likadzatopa pakatha zaka, rekoda yonse yatopa nalo. AAA ndimamupeza paokala iliyonse, ngakhale kumudzi. Awiri m'makina, awiri m'chikwama, nkhani yatha. Ndikadzapeza bwino ndidzagula AAA otchaja ndi tchaja yake.

Ndinafunsanso za Olympus, chifukwa ndi dzina limene ndinkalimva kwa atolankhani akale. Bambowo anati alibe. Ofuna kusaka pa intaneti adziwe kuti kampaniyo inagulitsa mbali yake ya makamera ndi zojambulira mawu, ndipo kuyambira 2021 ili m'manja mwa OM Digital Solutions, ndiye zatsopano mudzazipeza ndi dzina la OM System.

Pobwerera, m'minibasi, ndinachita masamu kuseri kwa kope. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 58MB pa ola. Ndiye mu 4GB mumalowa maola oyandikira 60, kutanthauza masabata angapo a makalasi usanakhuthulire mu laputopu. WAV ya 44.1 kHz, mtundu wina wa fayilo umene amati ndi wapamwamba, imadya 635MB pa ola, ndipo 4GB yomweyo imadzadza usanafike maola 7. Oimba ndi a wayilesi amaifunadi WAV chifukwa amakakonza mawuwo pambuyo pake. Ine ndikungofuna kumva kuti aphunzitsi anati chiyani. Kugula makina ojambula mpaka 96 kHz chifukwa cha lekichala kuli ngati kubwereka lole kuti ikatenge thumba limodzi la chimanga kuchigayo.

Kabuku kaja kanandiphunzitsanso tizinthu tina. Muli sefa yodula mawu apansipansi, imene imachepetsa kulira kwa fani ndi pulojekita. Muli makonzedwe apadera olembedwa Lecture, amene amalunjikitsa mayiki kutsogolo. Muli china chotchedwa VOR, chimene chimaimitsa kujambula pakakhala zii n'kuyambanso wina akalankhula. Chimamveka chanzeru, koma alamu anandichenjeza kuti ndisachiyatse m'kalasi: chimadula chiyambi cha mawu, ndipo mphunzitsi wolankhula motsitsa chimangomuyesa chete. Malo alipo ambiri, palibe chifukwa choumira.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi kabatani kolembedwa T-MARK. Vuto lalikulu la kutepa makalasi si kutepako ayi. Ndi kumvetsera. Kalasi ya maola awiri imafuna maola enanso awiri, ndipo ndikudziwa anzanga amene mafoni awo adzadza ndi mafayilo oti sanawatsegulepo chiyambire. Amafika sabata ya mayeso ali ndi mulu wa mawu, osadziwa poyambira. Kabatani aka ukakadina kamaika chizindikiro pamalo pamene wafika, ndiye madzulo umangolumpha kuchoka pa chizindikiro china kupita pa china. Mungathenso kufulumizitsa mawu pomvetsera popanda aphunzitsi kusanduka kamwana.

Apa pali pondizunguza pang'ono. Kuti ndidine kabataniko, rekoda iyenera kukhala pafupi ndi dzanja langa. Kuti mawu amveke, iyenera kukhala pafupi ndi aphunzitsi. Njira ndi ziwiri: kusamukira mpando wakutsogolo, kumene mafunso amagwera anthu, kapena kuisiya patebulo n'kumalemba nthawi m'mphepete mwa kope, monga 10:25, pafupi ndi mfundo imene yandidutsa. Ndikuona kuti ndisamuka. Manotsi ndipitiriza kulemba ndithu, chifukwa zojambula pabolodi rekoda siziona, ndipo mphunzitsi akati "ichi chimalowa apa", khutu lokha silingakuuze kuti apa ndi pati.

Sindinagule. Mtengo wa PX470 umene bambo aja ananena unandiuma pakhosi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mosaneneka. Anati aisunga mpaka mwezi utathe ngati wina sabwera ndi ndalama m'manja. Alamu nawo akuti afunsa kwa anzawo ngati pali wogulitsa yogwirapo kale ntchito, ndipo andiuza zoti ndikayang'ane: potsekera mabatire pasakhale dzimbiri, USB isagwedere, ndipo ndikajambule mphindi zingapo n'kumvetsera ndi mahedifoni ndisanapereke kanthu. Memore khadi sindigula pakadali pano, 4GB ikwana, komanso makhadi abodza achuluka m'misika.

Pakadali pano foni ipitiriza ntchito, koma ili pa airplane mode ndiponso kutsogolo. Mawa m'mawa ndikabweza ka Zoom, ndi mabatire awiri atsopano m'malo mwa amene ndawathera.