Lachinayi: chinkhwe chodzizula nthenga ku Area 47

Lero kwatentha kuyambira m'mawa ndipo fumbi lachita kukuta mzinda wa Lilongwe. Chinkhwe chimene chaonedwa lero ndi African grey, chotuwa cha mchira wofiira, chokhala m'khola pakhonde la nyumba ina ku Area 47. Pachifuwa ndi m'ntchafu patsala khungu lokhalokha, koma kumutu nthenga zili zonse.

Poyambira pake ndi kumutu komweko. Mlomo wa mbalame sufika pamutu pake, choncho chifuwa chikayera koma mutu uli bwinobwino, ndiye kuti ikudzizula yokha. Nthenga zikamathothoka mpaka kumutu, zatsopano n'kumatuluka zopindika, mwina ndi matenda a mlomo ndi nthenga otchedwa PBFD, obwera ndi kachilombo ka circovirus, ndipo apo afunika dokotala wa ziweto msanga, mbalameyo ipatulidwenso kwa zinzake. Pansi pa khola pamauzanso zambiri. Nthenga yothothoka yokha imagwa yathunthu, pomwe za lero zinali zotafunidwa, zina zoduka pakati.

M'mbale munali mpendadzuwa ndi mtedza basi, ndipo vuto lalikulu lagona pamenepa. Mbewu zimenezi zili ndi mafuta ambiri koma zilibe vitamini A wokwanira, motero khungu limauma ndi kuyabwa. Mtedza wosungidwa pachinyezi umachitanso chuku, ndipo poizoni wake, aflatoxin, amawononga chiwindi. Chofunika ndi karoti, maungu ophika, mbatata yofiira mkati, papaya, mango, bonongwe ndi nkhwani zotsukidwa bwino. Osachotsa mbewu tsiku limodzi, chifukwa chinkhwe chikhoza kukana chakudya chachilendo mpaka kuwonda. Ikani masamba ndi zipatso m'mawa chili ndi njala, mbewu zibwere madzulo, ndipo muzizichepetsa pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Mapeyala osayerekeza n'komwe, amapha zinkhwe. Chokoleti, khofi ndi zakudya za mchere nazonso ayi.

Pa sikelo ya kukhitchini chinkhwechi chili mkati mwa mulingo wake, umene kwa African grey ndi magalamu 400 mpaka 500 kapena kupitirira pang'ono. Muzichiyeza m'mawa chisanadye. Chikatsika ndi magalamu 40 kapena 50, pitani nacho kwa dokotala.

Masana chapoperedwa madzi ofunda pang'ono ndi botolo lopopera loyera, lomwe silinakhalemo mankhwala. Madzi okha, opanda sopo, opoperedwa m'mwamba kuti agwe ngati mvula yowaza. M'nyengo youma ino kusamba katatu pa mlungu kumathandiza, ndipo kuzichitika dzuwa lilipo kuti chiume kusanade. Chomvetsa chisoni n'choti ambiri amathamangira kugula mankhwala a utitiri wa nkhuku n'kuwaza pa chinkhwe, pomwe tizilombo si kawirikawiri kukhala gwero la vutoli, ndipo mankhwalawo angachidwalitse.

Khola lasunthidwa kuchoka pafupi ndi mbaula. Utsi wa makala, wa fodya ndi wa mankhwala otentha othamangitsira udzudzu umayabwitsa khungu ndi kuwononga mapapo. Waya watsopano wokutidwa ndi zinc nawo ndi woopsa kwa mbalame yokonda kutafuna.

Kutchire chinkhwe chimatha maola ambiri chikusaka chakudya, koma m'khola chimakhuta m'mphindi zochepa, mlomo n'kusowa ntchito. Ndiye lero mbewu zakulungidwa m'timapepala toyera, zina zabisidwa m'katoni yoboolaboola, ndipo m'khola mwalowa zitsononkho za chimanga ndi nthambi za gwafa zosapoperedwa mankhwala zoti chizitafuna. Chikayamba kuzula nthenga osachikalipira kapena kuchithamangira, chifukwa chimaphunzira kuti kuzula ndiko kumaitana anthu. Chisisiteni kumutu ndi m'khosi mokha. Kusisita kumsana kumadzutsa chilakolako chokwerana, nacho chimawonjezera kuzula.

Madzulo khola lalowa m'chipinda chopanda TV, nyali zazima 7 koloko. Chinkhwe chimafuna mdima wa maola 10 mpaka 12. Nthenga yatsopano ikathyoka n'kumatuluka magazi, thirani ufa woyera pang'ono ndi kupsinja ndi kansalu koyera. Akapanda kuleka m'mphindi zochepa, thamangirani kwa dokotala. Nthenga zatsopano zimatenga milungu ingapo kuti zioneke, ndipo pamene pazulidwa kwa zaka zambiri mpaka mizu yake kuwonongeka sipameranso.