Loweruka lathera pa Camaro ya 1969

Lero kugalaja sitinatsegule. Bwana anandiimbira m'mamawa kuti tinyamuke ku South Bend kuno ku Indiana, ku America, titsike ndi msewu wa US 31 mpaka cha ku Kokomo, komwe mkulu wina wopuma pantchito akugulitsa Chevrolet Camaro Z/28 ya 1969, mtundu wapadera wa Camaro wopangidwira liwiro. Mtengo ati $95,000.

Galimotoyo ndi yokongola osati masewera. Ya buluu, mizere iwiri yoyera pa boneti, mipando ngati yosakhalidwapo. Koma mizere ndi zilembo za Z/28 aliyense angathe kugula n'kumata. Chevrolet inapanga ma Z/28 okwana 20,302 chaka chimenecho, ndipo anthu a magalimoto kuno amaseka kuti amene akuyenda lero ndi ochuluka kuposa amene anatuluka m'fakitale.

Nambala ya galimoto, imene imaonekera pa galasi lakutsogolo, ikuyamba ndi 124379N. Imangotiuza kuti ndi Camaro ya injini ya V8, ya 1969, yopangidwa ku Norwood ku Ohio. Za Z/28 sinena kanthu. Kachitsulo kokhomedwa pansi pa boneti kali ndi X77, chizindikiro choyenera cha Z/28 ya ku Norwood. Bwana anamwetulira, ine ayi, chifukwa tizitsulo totere timapangidwanso masiku ano.

Nthawi yambiri ndinathera pa injini. Z/28 yeniyeni inkabwera ndi injini ya 302 yokha (ndiko kukula kwake m'ma cubic inch), imene anaikonza kuti ilowe m'mipikisano ya Trans-Am momwe malire anali 305. Kutsogolo kwa injini, kudzanja lamanja, pali kamalo kosalala kodindapo manambala. Ndinapukutapo ndi kansalu, n'kuunika tochi chopendeketsa: V0312DZ. V ndi fakitale ya Flint ku Michigan, 0312 ndi pa 12 Marichi, tsiku limene anailumikiza, DZ ndiye 302 ija. Zilembozo zinali bwinobwino. Chinandikayikitsa ndi chitsulocho. Makina a kufakitale ankasiya timizere towongoka, toyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, koma apa timizere tinali tozungulira, kusonyeza kuti wina anapala pamwambapo asanadinde. Nditapisa kagalasi kumbuyo kwa injini ndinawerenga tsiku limene chitsulocho chinaumbidwa: E 14 9, kutanthauza pa 14 Meyi 1969. Injini yolumikizidwa mu Marichi singaumbidwe mu Meyi. Mwana sabadwa mayi ake asanabadwe.

Ndinawanong'oneza bwana. Mkulu uja ataona nkhope zathu anafunsa chavuta, ndipo nditamuonetsa anakhala chete kanthawi. Akuti anaigula m'ma 1990 ili choncho, ndipo ine ndamukhulupirira. Ma 302 ambiri anaphulika kalekale m'manja mwa anyamata othamangitsa, eni ake n'kuikamo ena.

Nditalowa kunsi zinthu zinakhalako bwino. Giya ndi ya Muncie, magiya anayi, ndipo manambala ake akugwirizana ndi a galimoto. Mabuleki akutsogolo ndi a disc monga ziyenera kukhalira. Maginito anagwira paliponse kupatula kuseri kwa tayala lakumbuyo lakumanzere, komwe anamatapo kubisa dzimbiri. Mapepala ndiwo palibe, ngakhale Protect-O-Plate, kakhadi kachitsulo kamene wogula woyamba ankapatsidwa. Ikanakhala Ford Mustang tikanangoitanitsa Marti Report, lipoti lochokera m'kaundula wa kufakitale, Pontiac GTO tikanafunsa a PHS, osunga kaundula wa Pontiac, koma Camaro ilibe kaundula wotere wonena zimene galimoto iliyonse inatuluka nazo.

Tili m'galimoto mwathu tinatsegula mitengo ya Hagerty, kampani yolemba mitengo ya magalimoto akale, ndi zimene zinagulitsidwadi pa okushoni ku Mecum ndi pa Bring a Trailer. Mtengo woitanitsa sitiuwerengera, aliyense amatchula zake. Maganizo anga ndi akuti thupi ndi la Z/28 ndithu, koma yopanda injini yake komanso mapepala singagulidwe pa mtengo wa yathunthu. Bwana anatchula $62,000. Mkuluyo anakana, komabe sanatithamangitse, anatipatsa khofi n'kulola kuti ndijambule manambala onse. Zithunzizo tizitumiza Lolemba kwa katswiri wa ma Camaro, ndipo bwana akuti akatsimikiza za kachitsulo ka X77 awonjezera pang'ono.