Cooking Master Boy yakale ndi yatsopano: kusiyana kwake kuli m'khitchini

Katuni ya ku Japan yotchedwa Chūka Ichiban!, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Cooking Master Boy, inayamba kuonetsedwa mu 1997, ndipo kampani ya Nippon Animation inapanga magawo 52. Nkhani yake inachokera m'mabuku azithunzi a Etsushi Ogawa, ndipo imasimba za Mao, mnyamata wophika wa ku Sichuan yemwe ankakhala ku China m'zaka za m'ma 1800, pa nthawi ya ufumu wa Qing. Mu 2019 kunatuluka yatsopano, Shin Chūka Ichiban!, imene kampani ya Production I.G inagwirapo ntchito. Inali ndi magawo 12, ndipo ena 12 anabwera mu 2021.

Pa nkhani ya maonekedwe palibe chotsutsana, yatsopanoyi ndi yosalala ndiponso yowala bwino. Koma ine ndimaona kuti yakale ija imaposa pa chinthu chimene katuni yonena zophika siyenera kuchita nacho umbombo, chomwe ndi nthawi yokhala m'khitchini.

Taganizirani mpikisano wa m'katuni yakale ija wophika mapo tofu, ndiwo ya ku Sichuan yokhala ndi tofu (chakudya chofewa chopangidwa ndi soya), nyama ndi tsabola. Pa mpikisanowu Mao anapikisana ndi Shao An, yemwe anaphunzira kuphika kwa mayi ake a Mao omwe anamwalira. Mkulu wa boma woweruza mpikisanowo ankafuna kukoma kumene anakumva kalekale m'mbale ya mayiwo, ndipo woonera amadikira limodzi ndi Mao mpaka chinsinsi chitaululika: pa nthawi imene nyama ya ng'ombe inasowa, mayiwo ankaika nyama yopangidwa ndi soya, yomwe inkakhala yokhumutuka m'kamwa. Ife amene timagula nyama ya soya pa golosale ndiwo zikavuta sitingadabwe kwambiri ndi nzeru imeneyi, komabe momwe nkhaniyo imaifikira pang'onopang'ono ndi zimene zimachititsa kuti munthu asaiwale. Chimodzimodzinso mpunga wokazinga wooneka ngati golide, umene njere iliyonse imakutidwa ndi dzira: timaona dzanja, chiwaya ndi moto, ndiye chivindikiro chikatsegulidwa n'kutuluka kuwala kokokomeza kuja, timakhala titadziwa kale kumene kwachokera.

Yatsopanoyi imayamba Mao atapambana kale mayeso a ku Guangzhou n'kukhala wophika wa udindo wapamwamba wamng'ono pa msinkhu kuposa onse, choncho masiku ake ophunzira pansi pa Chouyu, mphunzitsi wouma mtima uja, sapatsidwa malo okwanira. Imathamangira kumene kuli nkhondo yolimbana ndi gulu la ophika a mumdima, komanso ulendo wofunafuna ziwiya zophikira za m'nthano. Mipikisano imapanikizidwa m'mphindi zochepa, moti oweruza amayamba kufuula ndi kulira chifukwa cha kukoma, woonera asanamvetse bwino chimene chalowa mumphika.

Kunena chilungamo, magawo a 2021 amafika m'mbali za nkhani zimene yakale sinazifike, chifukwa inatha mu 1998 Ogawa asanamalize kulemba mabukuwo. Amene anaonera yakale n'kutsala ndi ludzu apeza pamenepo chowakhutiritsa. Koma kwa munthu amene sanamuonepo Mao, ndingamulangize kuti ayambe ndi ya 1997, apirire mitundu yake yozilala, mpaka aone mnyamatayo akulandira udindo wake ku Guangzhou, kenako asamukire ku yatsopanoyo.