Mawu akuti "malungo" asanasanduke nambala

Mayi anga ali ndi mabuku atatu akuchipatala, ndipo onse ndimasunga ine kunyumba kwathu ku Chilomoni. Tsiku lina ndinawatsegula pamodzi pofuna kudziwa chaka chimene anayamba kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. M'buku loyamba munalembedwa "BP", m'lachiwiri "HTN", ndipo m'lachitatu munali dzina lonse la nthendayi m'Chingerezi. Namwino aliyense angazindikire msanga kuti nthendayi ndi imodzi, koma kompyuta yosaphunzitsidwa bwino ingawerenge nthenda zitatu zosiyana, ndipo chiwerengero chimene chingafike ku Unduna wa Zaumoyo chingakhale cholakwika.

Vuto limeneli ndi lakale kuposa makompyuta. M'chaka cha 1893, akatswiri a kawerengedwe ka anthu atakumana ku Chicago anavomereza mndandanda wa zimene zimapha anthu, umene anakonza Jacques Bertillon wa ku Paris. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatenga ntchitoyi mu 1948, ndipo mndandandawu ndi umene lero timautcha ICD, umene umapatsa nthenda iliyonse nambala yake. Mu ICD-10, kope lachikhumi la mndandandawu, kuthamanga kwa magazi kwa mtundu wa mayi anga ndi I10, kaya wodwalayo ali ku Ndirande kapena ku Nairobi. ICD-11, imene inavomerezedwa mu 2019 ndi kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, imatcha nthenda yomweyi BA00, ndipo inakonzedwa kuti izigwira ntchito mwachindunji m'makompyuta. Palinso mindandanda ina monga SNOMED CT, yofotokoza mwatsatanetsatane zimene dokotala wapeza, ndi LOINC, yotchula zoyeza za ku labotale.

Ndimaziyamikira zonsezi, koma mtima wanga uli pa zimene zimachitika nambala isanalembedwe. Ife Amalawi tikanena kuti mwana ali ndi malungo, nthawi zambiri timatanthauza kuti thupi latentha, mutu ukuwawa, ndipo mwanayo wafooka. Mawu omwewa ndi amenenso timatchulira nthenda yofalitsidwa ndi udzudzu. ICD-10 imasiyanitsa zinthuzi: B50 ndi malungo a kachilombo ka falciparum, amene ndi ofala kwambiri kuno, B54 ndi malungo osatchulidwa mtundu, pamene kutentha thupi kosadziwika chifukwa chake kuli kwina, pa R50. Ngati wolemba, atapanikizika ndi mzere wautali wa odwala, asankha B54 magazi asanayezedwe, mwana wa chibayo amawerengedwa ngati wa malungo, ndipo cholakwikacho chimayenda mpaka mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta imene boma limasonkhanitsiramo malipoti a m'maboma onse. Mankhwala amagulidwa ndi kugawidwa potengera ziwerengero zimenezo.

Chimodzimodzinso mawu akuti chifuwa, amene amanyamula chimfine chofika m'khosi, mphumu, ngakhale chiyambi cha chifuwa chachikulu. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 ndi kusautsa kwambiri mzinda wathu wa Blantyre, kusiyanitsa kutsegula m'mimba wamba ndi kolera, imene ndi A00, kunali kofunika kuti achipatala adziwe madera oti atumizeko klorini ndi madzi a m'mitsempha.

Ndikukhulupirira kuti mzinda umene muli chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ndi sukulu ya ukachenjede ya KUHeS uli ndi anthu okwanira kukonza mndandanda wa mawu a Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe amene odwala amanenadi, ndi kusonyeza pa mawu alionse mafunso oyenera kufunsidwa nambala isanasankhidwe. Ntchito imeneyi isasiyidwe m'manja mwa okonza mapulogalamu okha. Anamwino, alangizi a zaumoyo ndi makalaliki olemba kaundula ndiwo amamva mawuwa tsiku ndi tsiku.

Sabata yatha ndinaperekeza mayi kukatenga mankhwala awo, ndipo ndinapempha namwino kuti alembe dzina limodzi la nthendayo patsamba loyamba la buku latsopano. Analemba mosamala, nawonjezera I10 pambali pake, kenako anawafunsa kuti, "Amayi, mutu uja unasiya kuwawa?"